Abakha Ndawafufuta Onse

Mng'ono wanga,

Mlandu wa iwe ndi ine unayamba Lachinayi, pa 14 Seputembala 2006, cha m'ma teni koloko m'mawa, pamene unalowa mu shopu yathu ya njinga utanyamula chopala chamagetsi m'katoni. Ndayamba ndi tsikuli kuti usaganize kuti ukalamba wandidya nzeru. Tsopano nditsate mwambo wa kalata.

Uli bwanji kumeneko? Chilonda chikupola? Ndamva kuti madokotala anadula mwendo wakumanzere pansi pa bondo, ndiponso kuti shuga yemweyo wayamba kukuphimba maso. Mlamu ali bwanji? Nanga ana? Ine kuno ndilipo. Mawondo amalira ndikamadzuka pampando, ndipo makutu akuchepa mphamvu, koma manja sanjenjemera ngakhale pang'ono. Za manjazi uzisunge mumtima, chifukwa zikukhudza kutsogoloku.

Kalata yako inandipeza. Ndi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzanja ndi la mwana wako wamkazi, amene anachoka kuno ali kumsana kwa amake. Amalemba bwino mtsikanayo, ndipo ananditchula mwaulemu kuti atate aakulu. Koma mawu ndi ako. Ndinawazindikira msanga, pakuti m'masamba awiri onsewo munalibe liwu lakuti pepani.

Wapempha kuti ndikupangire njinga ya matayala atatu, yopalasa ndi manja, kuti uzitha kufika pa benchi yako yodulira makiyi kumsika. Wanena kuti ukapanda kubwererapo mwezi uno usanathe, oyang'anira msika apereka benchiyo kwa wina, ndipo pakhomo pako palibe wina wobweretsa chakudya. Wanena kuti ndigwiritse zipangizo zotsika mtengo. Wandikumbutsanso kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona. Mlandu nawonso suola.

Kenako, pansi penipeni pa tsamba lachiwiri, pali mzere uwu: "Achimwene, musaiwale kufufuta abakha, anthu angandiseke."

Mzere umenewo ndinauwerenga kanayi. Ndinavula magalasi, ndinawaika patebulo, ndipo ndinaseka mpaka kutsokomola, moti mayi woyandikana nane anabwera akuthamanga ndi kapu ya madzi poyesa ndatsamwa.

Popeza maso ako sakuonanso zilembo, ndikudziwa kuti mwana wako yemweyo ndiye akukuwerengera kalatayi. Iye za abakha sazidziwa, ndipo sindikhulupirira kuti unamuuzapo. Choncho ndifotokoza zonse mwadongosolo. Mwananga, werenga mokweza, usadumphe mzere ngakhale umodzi. Atate ako akati usiye, uwauze kuti ndalamula ndine.

Nditapuma ntchito ku fakitale ya mapampu, kumene ndinakhala zaka makumi atatu mphambu chimodzi ndikuyesa zitsulo zisanatuluke pa geti, iwe unabwera kwa ine ulibe ntchito, uli ndi mkazi woyembekezera. Tinatsegula shopu yokonza njinga m'chipinda chimodzi chapafupi ndi sitolo ya utoto. Pa chikwangwani tinalemba mayina athu awiri, langa pamwamba, lako pansi.

Zipangizo zotsika mtengo za masiku amenewo, monganso za lero, zinkabwera ndi chizindikiro cha bakha wovala chisoti chachifumu. Mapedulo, mahandulo, malimu, mapaipi a chishalo, zonse bakha. Sizinali zoipa kwenikweni. Zinali zopyapyala, koma munthu wozisamala ankayenda nazo zaka. Vuto linali manyazi. Wokwera njinga ya bakha akamadutsa, ana ankamuthamangira akukuwa kuti kwaa, kwaa. Mnyamata wopita kukaonekera kwa apongozi sakanalola kufika atakwera bakha. Motero anthu anayamba kundipempha kuti ndizimuchotsa, ndipo ndinavomera, koma mwa njira yanga.

Njira yangayo ndinakuphunzitsa kambirimbiri. Ndinakuuza kuti abakha alipo a mitundu itatu. Pali womata: ameneyo umamuthira madzi otentha, n'kumusenda ndi chikhadabo, ulimbo wotsala n'kuuchotsa ndi mafuta a nyale. Pali wopaka: ameneyo umadontheza thina wosungunulira utoto pa kansanza koyera, n'kupukuta cholozera mbali imodzi, osazunguliza, kenako sopo, kenako polishi. Ndiye pali wodinda, amene makina anamukanikiza m'chitsulo momwe. Ameneyo sakhudzidwa. Kuti umuchotse uyenera kudya chitsulo mpaka pamene chidindo chinalekezera, pomwe paipi ya bakha kuchindikala kwake sikuposa zikhadabo ziwiri.

Ndinakuuzanso za mzere. Pa paipi iliyonse yonyamula chishalo, m'munsi mwa bakha, pali kamzere kozungulira. Kamzere kameneko kamanena kuti: ukweze chishalo mmene ungafunire, koma ine ndisaonekere kunja kwa fulemu. Kakaonekera, ndiye kuti paipi yotsala m'kati ndi yochepa, ilibe pogwira. Ine ndisanakhudze thina ndinkayamba ndakuta kamzereko ndi tepi. Ndipo aliyense wolandira katundu wake ndinkamuuza mawu amodzimodzi, kuti bakha ndamuchotsa pamaso, koma m'kati akadali bakha, ayende naye mofatsa.

Iwe unkandiseka. Unkati ndimasisita chitsulo ngati mkazi wachiwiri. Unkati paipi imodzi ola lathunthu, kodi tikukonza njinga kapena tikusambitsa khanda? Tsiku lina unanena pamaso pa makasitomala kuti, "Achimwene, ulaliki wa bakhawu muzikachitira kutchalitchi, kuno ukutithamangitsira anthu." Anthuwo anaseka. Ine ndinapitiriza kupukuta.

Ndiye linafika tsiku ndalitchula lija. Unatulutsa chopala m'katoni, unachilumikiza kumagetsi, unamanga paipi pa vayisi yopanira zitsulo. Moto unathetheka mpaka kudenga. Tisanaphethire kawiri, bakha wodinda anali atapita, kamzere katapita naye limodzi, paipi ikuwala ngati kalilole. Unaikweza m'mwamba n'kunena kuti, "Mwaona, achimwene? Ola lanu lija ndi ili."

Kuyambira pamenepo unapala zonse zimene zinagwa m'manja mwako. Unaziika pa shelefu yapamwamba n'kumauza anthu kuti ndi zakunja. Ndinakuchenjeza kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Unandiyankha kuti nyererezo akazipeza ali kwawo.

Mu Novembala wa chaka chomwecho munalowa mu shopu aphunzitsi a masamu a pa sukulu ya pamwamba pa chitunda. Uwakumbukira. Anali aatali kotero kuti ankawerama polowa pakhomo, ndipo ana ankawatcha a Mlongoti. Anadandaula kuti akamapalasa mawondo amagunda handulo, ndipo ankafuna paipi ya chishalo yolimba. Unawatengera ya pa shelefu yapamwamba. Anaitembenuza, anaiyang'ana, n'kufunsa kuti angaikweze mpaka pati, popeza sakuona mzere. Yankho lako ndikulikumbukira liwu ndi liwu: "Mpaka mawondo anu asangalale, aphunzitsi. Ichi ndi chitsulo chakunja, sichidziwa malire."

Paipiyo inapirira miyezi itatu. Mu Febuluwale, akutsika chitunda pobwera kusukulu, atangodutsa thanki ya madzi, inathyoka pamalo pomwe chopala chako chinadya. A Mlongoti anagwa chagada pa mlomo wa ngalande ya simenti. Fupa la m'chiuno linasweka patatu. Anakhala m'chipatala miyezi isanu, ndipo mwendo wakumanja unapola utafupika ndiponso utauma. Sanapalasenso njinga.

Nkhaniyo inakupeza iwe isanandipeze ine. Madzulo ake unandiuza kuti ukupita kukaoda matayala, ubwera Loweruka. M'mawa mwake nditafika pa shopu ndinaima pansi pa chikwangwani. Dzina langa linalipo. Lako panalibe. Ndinakwera pa mpando kuti ndione bwino. Unagwiritsa thina wanga ndi kansanza kanga. Unapukuta cholozera mbali imodzi, osazunguliza. Unatsuka ndi sopo. Sipanatsale ngakhale mthunzi wa chilembo. Zaka ziwiri ndinkayesa kuti sukumva zimene ndikukuphunzitsa. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti unkamva zonse. Ndiyo ntchito yokhayo imene unaigwirapo mwaukhondo, ndipo ndikukuyamikira nayo mpaka lero.

Pofika masana ndinamva kuti nyumba yanu ndi yotseka, ndipo mkazi ndi khanda anakwera nawe basi yoyamba.

Akazi awo a aphunzitsi anabwera tsiku lachitatu, atakulunga zidutswa ziwiri za paipi m'kansalu. Anaziika pa kauntala osanena moni. Ndinayamba kufotokoza kuti amene anapala ndi mng'ono wanga. Iwo anatuluka panja, anawerenga chikwangwani mokweza kuti mseu wonse umve, n'kubwerera. Anati, "Dzina ndaliona ndi limodzi, bambo. Winayo mwamubisa kuti? Tauni yonse ikudziwa kuti wofufuta abakha ndinu." Zinali zoona. Aliyense ankadziwa kuti wofufuta ndine.

Alongo awo a mayiwo ankafuna kundipereka kupolisi. Koma a Mlongoti anatumiza mawu ali pa bedi la chipatala. Anati apolisi sangawabwezere chiuno. Anati zatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti apume ntchito, ndipo akalephera kufika m'kalasi achotsedwa, ana awo asowa pogwira. Sukulu ili pamwamba pa chitunda, basi sifikako. Mawu awo omaliza anali akuti, "Mwandilanda miyendo, mundibwereke yanu."

Ndinali ndi zaka makumi asanu mphambu zisanu ndi zitatu. Ndinalimbitsa keliyala ya njinga yanga ndi zitsulo ziwiri, ndinamangapo kapilo, ndinawotcherera popondera m'munsi kuti mwendo woumawo uzipeza pokhala. Tsiku lililonse la sukulu ndinkafika pakhomo pawo hafu pasiti sikisi, kuwakweza, n'kukwera nawo chitunda. Masana ndinkapitanso kukawatsitsa. Iwe chitunda chimenecho unkachikwera uli wekha, ndipo unkatsika pakati n'kumakankha. Ine sindikanatsika, pakuti munthu wa kumbuyoyo sakanatha kuyenda.

Ana anasiya kukuwa kwaa, kwaa. Anapeza nyimbo yatsopano. Ankanditcha bulu wa a Mlongoti, ndipo ankalira ngati bulu ndikamadutsa, ena n'kumandiponyera udzu kuti ndidye. Anthu amene ndinkawalamula kufakitale ankandiona ndikutuluka thukuta ngati nkhuku yonyowa, lilime panja, n'kumayang'ana kumbali kuti andisungire ulemu. Kuyang'ana kumbaliko kunkapweteka kuposa udzu.

Shopu inafa m'chaka chachiwiri. Ndani angapereke njinga yake kwa munthu amene anathyola aphunzitsi? M'chipinda chija tsopano mumametedwa tsitsi. Chikwangwani ndinachitsitsa ndekha, chili kuseri kwa kabati.

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga ndinkalemba kamzere ka pensulo tsiku lililonse ndikabwerako. Timizereto tikadalipo, sindinalole kuti tipakidwe utoto. Tilipo 1,146.

Pali kamzere kamodzi kamene ndinakazunguliza. Ndi ka 811. Mlamu wako, mkazi wanga, anali atadwala mtima kwa chaka. Ndiye ankandipaka mafuta m'miyendo madzulo, ndipo ndiye ankakuikira kumbuyo. Ankati, "Bambo, musiyeni mng'ono wanu. Mkwiyo ndi khala lamoto, limatentha wolifumbata." M'mawa wa tsikulo anandigwira mkono ndikuvala nsapato. Anati pachifuwa pakulemera, lero lokha ndisapite. Ndinamuuza kuti ana akulemba mayeso, aphunzitsi sangajombe, ndibwera isanakwane eyiti. Ndinabweradi isanakwane eyiti. Ndinapeza mayi woyandikana nane ataima pa geti, manja ali kumutu.

Pa maliro sunabwere. Unatuma woyendetsa lole ya matabwa kuti andiuze kuti uli nafe m'mapemphero. Woyendetsayo ananena mawuwo ali m'galimoto, injini ikulira, chifukwa ankathamangira kukatsitsa katundu. Patatha masiku anayi ndinabwerera pa chitunda.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene sindinakuuzepo, kuti usadzanene kuti mkulu wako anakuweruza ndi sikelo yokhota.

Tsiku lija a Mlongoti ankagula paipi, ine ndinalimo mu shopu. Ndinkawongola limu, mapazi atatu kuchokera pamene munaima. Paipiyo ndinaiona. Ndinaona kuti ilibe mzere. Ndinaona pamene chopala chinadya. Ndinawaona akukweza chishalo mpaka m'fulemu munangotsala zala ziwiri. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Ndinkafuna kuti paipiyo ipinde, ilire, kuti abwere nayo pakatha sabata adzakuchititse manyazi pamaso pa anthu, ine n'kunena kuti ndinanena. Ndinkafuna kupambana mkangano. Ine, amene kwa zaka makumi atatu mphambu chimodzi sindinalole chitsulo chokayikitsa kutuluka pa geti, ndinalola chimenecho kutuluka pakhomo panga ndikuchiyang'ana.

Ndinawaululira aphunzitsi pa tsiku la 402, tili pakati pa chitunda, chifukwa n'kosavuta kuulula kwa munthu amene sukumuona nkhope. Ndinkangomva mpweya wawo pamsana panga. Titafika pa thanki ya madzi anati, "Ndinakuonani tsiku lija, bambo. Munayang'ana pansi. Palasani, belu lilira."

Chotero mlandu uja ndi wa anthu awiri, monga mmene chikwangwani chinalili usanachikonze. Iwe unapala, ine ndinakhala chete. Ndagawa pakati, mosakondera. Theka la masiku aja linali langa, ndipo ndalipira mosadandaula. Theka linalo ndinakunyamulira iwe. Kamzere ka 811 kali m'theka lachiwiri.

A Mlongoti ali moyo. Anapuma ntchito mwaulemu, ana awo anaphunzira, ndipo Loweruka lililonse amabwera ndi ndodo yawo kudzakhala pakhonde panga. Ndinawawerengera kalata yako. Anafunsa kuti wadulidwa mwendo uti. Nditawauza kuti wakumanzere, anawomba m'manja n'kunena kuti, "Wanga wakufa ndi wakumanja. Muuzeni abwere, tikaphatikizana titha kupanga munthu mmodzi." Anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anandiuza kuti ndikupangire yabwino, pakuti Mulungu wakulipiritsa kale. Ndinawayankha kuti Mulungu watenga zake, zanga sanazikhudze. Anandiuza kuti ndakalamba moipa. Mwina akunena zoona. Iwo ndi munthu wabwino. Ine ndine munthu wolondola, ndipo zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Njinga yako ndapanga. Yanditengera masabata atatu. Ibwera Lachisanu pa lole ya matabwa yomwe ija, kuti mapemphero ako abwerere pa njira imene anadzera. Ifika mwezi usanathe, benchi yako usaitaye.

Sunakwerepo chinthu chokongola chotere. Mpando ndauyeza ndi msinkhu wako monga ndikuukumbukira. Tcheni ndachikuta kuti chisakudye malaya. Buleki ili pafupi ndi dzanja lamanja. Kumbuyo kuli kabokosi ka makiyi ndi matupa ako, kokhala ndi loko. Kumanzere ndaika kathabwa kofewa pokhazika chitsa cha mwendo. Ndapaka utoto wakuda katatu, ndikudikira kuti uume bwino ndisanapakenso. Palibe mwana amene adzakukuwire kwaa, kwaa.

Monga unapempha, zipangizo zonse ndi zotsika mtengo. Zitsulo zonyamula katundu zilipo makumi anayi mphambu chimodzi, ndipo chilichonse chinabwera ndi bakha wake. Abakha ndawafufuta onse. Omata ndawasenda ndi madzi otentha. Opaka ndawapukuta ndi thina. Odinda sindinawapale, ndawadzaza ndi phala lomatira zitsulo, louma ngati mwala, ndasalaza ndi sandipepala wonyowa, ndapaka utoto pamwamba, chitsulo osachidya ngakhale kafumbi. Zitsulo makumi anayi ndazigwira mwa njira yanga, ndipo zidzakhalapo iwe ndi ine titaola.

Chimodzi ndachigwira mwa njira yako.

Chopala chako unachisiya pansi pa benchi pothawa. Ndachisunga zaka zonsezi, ndikuchithira mafuta chaka ndi chaka. Chikugwirabe ntchito bwino. Ndinamanga chitsulo chimodzi pa vayisi, ndinalumikiza kumagetsi, ndipo moto unathetheka mpaka kudenga monga tsiku lija. Tisanaphethire kawiri bakha anali atapita. Kenako ndinadzaza, ndinasalaza, ndinapaka utoto wakuda katatu, chimodzimodzi ndi zinzake. Sindikuuza kuti ndi chiti. Mwina ndi foloko. Mwina ndi ekiselo ya tayala lakumbuyo. Mwina ndi paipi yonyamula mpando, kapena chogwirira chimene uzikoka ndi mphamvu zako zonse pokwera mtunda.

Usavutike kupita nayo kwa wokonza njinga wa kumeneko. Ndi maso sangaone, ndi chala sangamve. Kuti apeze ayenera kumasula zonse ndi kupala utoto pa zitsulo makumi anayi mphambu chimodzi, ndipo ngati ali ndi dzanja ngati lako, pomaliza zopyapyala zidzakhala makumi anayi mphambu chimodzi.

Sindine wakupha. Ndayeza, monga ndinkayezera kufakitale. Chitsulocho chidzanyamula munthu woyenda mofatsa, wozemba maenje, wosanyamula katundu woposa kabokosi kaja, wogwira buleki kuyambira pamwamba pa chitunda mpaka pansi. Mwana wako analemba kuti kuchokera kwanu kupita kumsika njira imatsetsereka, ndipo m'mbali mwake muli ngalande. Ndinasangalala kumva zimenezo. Chitsulocho chimapirira munthu woleza mtima. Iwe sunakhalepo woleza mtima, koma aphunzitsi amati palibe wokalamba pa sukulu.

Ndikufuna kuti m'mawa uliwonse, ukamakhala pa mpandowo, uzimvetsera. Kakalira kanthu pansi pako, uzidzifunsa ngati ndi mchenga m'tcheni kapena ndi tsiku lako. Tayala likagunda mwala, mtima uzikwera pakhosi. Ndimo mmene ndinkatsikira chitunda chija, ndi munthu wosweka kale kumbuyo kwanga, ndikudziwa kuti ndikamugwetsa kachiwiri sadzukanso.

Chitsulo cholowa m'malo mwa chopalidwacho ndili nacho. Ndi chatsopano, ndi cholimba, bakha wake akadali pomwepo. Ndachikulunga m'kansalu kaja limodzi ndi zidutswa ziwiri za paipi ya a Mlongoti. Tsiku lililonse limene wapita kumsika ndi kubwerako pa njingayo, mwana wako alembe kamzere kamodzi kuseri kwa chitseko. Masiku ogona pakhomo sawerengedwa, monga mmene tchuthi cha sukulu sindinkachiwerengera. Timizere tikakwana, andilembere, ndipo ndidzatumiza chitsulocho pa lole, ndi kapepala konena pamene chikalowe.

Dzina la chitsulocho sindinalilembe paliponse. Lili m'mutu mwanga mokha, ndipo kansalu kaja kali pamalo amene palibe angakapeze. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu. Unanena kuti uli nafe m'mapemphero. Tsopano upemphere zenizeni, kuti ndikhale ndi moyo wautali ndi nzeru zosasokonekera.

Ukhoza kukana kukwera. Palibe akukukakamiza. Ikhoza kukhala pakhonde, nkhuku n'kumagonapo, benchi n'kupita kwa wina. A Mlongoti sanapatsidwe mwayi wosankha wotero, pakuti iwo anauzidwa kuti chitsulo sichidziwa malire. Ine ndakuuza zoona, monga ndinkauzira kasitomala aliyense: bakha ndamuchotsa pamaso, koma m'kati akadali bakha. Uyende naye mofatsa.

Mwananga, iwe amene wawerenga mpaka pano, ulibe mlandu ndi ine. Ndikudziwa kuti mawu ako anjenjemera, ndipo pa chimenecho chokha ndikupepesa. Usakhalepo pa njingayo ngakhale mongoyesa, ndipo azing'ono ako asaseweretse. Si yanu. Ukadzafuna kuona kumene unabadwira, khomo langa ndi lotsegula kwa iwe, ndipo ndidzakuonetsa chithunzi cha amayi ako aakulu, amene anakusambitsa tsiku loyamba. Ndidzakuonetsanso chitseko chija.

Undiperekere moni kwa mlamu, umuuze kuti mphika wake umene anasiya pamoto tsiku lothawa ndinautsuka, ulipo. Moni kwa ana onse, odziwa dzina langa ndi osalidziwa. A Mlongoti akuti ndikupatse moni, ndipo ndakupatsa monga anandituma, osachotsapo kanthu. Mulungu akupoletse chilonda, akutsitsire shuga, akulimbitse mapewa ndi manja, pakuti uzifuna zonsezi. Akusunge pa chitunda potsika ndi pokwera, ndipo asakutenge msanga.

Ndine mkulu wako, wa bere limodzi,
amene ukadali naye ngongole ya masiku 573.